Aphungu amene anapambana chisankho nkuthamangitsidwa: Georgia, 1868

Lachinayi pa 3 Sepitembala 1868, m'nyumba ya malamulo ya chigawo cha Georgia ku America munali mlandu umodzi wokha: kodi munthu wakuda angakhale phungu? Anthu amene ankakambidwawo anali m'nyumba momwemo, atakhala pa mipando imene anapambana pa chisankho cha mu Epulo chaka chomwecho. Anawalola kulankhula podziteteza, koma kuponya voti pa mlandu wawo anawakaniza. Powerenga mavoti, 83 anati achoke, 23 anati akhale. Aphungu 25 anadzuka nkutuluka, ndipo mipando yawo inapatsidwa kwa azungu amene iwo anawagonjetsa pa chisankho.

Chimene chimazunguza mutu nchakuti othamangitsidwawo sanali a chipani chotsutsa. Onse anali a Republican, chipani cholamula. Bwanamkubwa wa chigawocho, Rufus Bullock, anali wa Republican. Sipikala, Robert McWhorter, anali wa Republican. Wapampando wa nyumba ya Seneti, Benjamin Conley, nayenso anali wa chipani chomwecho. Munthu wongoyang'ana mndandanda wa aphungu ndi zipani zawo akanalumbira kuti zoterezi sizingachitike.

Mizu ya nkhaniyi ili pa nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1865. Pa kalembera wa 1860, ku Georgia kunali akapolo oposa 460,000, pafupifupi anthu 44 mwa 100 alionse. Ukapolo utatha, eni akapolo akale anayesa kubwezeretsa ulamuliro wawo, ndipo nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Washington inatopa nazo. Mu Malichi 1867 inaika zigawo za kummwera pansi pa asilikali nkulamula kuti amuna akuda alembedwe m'kaundula wa ovota. Ku Georgia, akuda ndi azungu olembedwa anali pafupifupi ofanana chiwerengero. Kuyambira Disembala 1867 mpaka Malichi 1868, nthumwi zinakhala pansi mu mzinda wa Atlanta kulemba malamulo atsopano oyendetsera chigawo. Nthumwi zomwezo ndi zimene zinasamutsa likulu kuchoka ku Milledgeville kupita ku Atlanta.

Pa msonkhano umenewo panachitika kanthu kamene tsikulo kanaoneka kakang'ono. M'zolemba zoyambirira munali ndime yonena poyera kuti aliyense woyenera kuvota ndi woyeneranso kusankhidwa pa udindo. Ndimeyo anaichotsa. Nthumwi zakuda zinauzidwa kuti njosafunika, poti ufuluwo uli kale m'ndime zina, ndipo zambiri mwa izo zinakhulupirira. Koma nthawi ya kampeni itakwana, Joseph E. Brown, amene anali bwanamkubwa wa Georgia nthawi ya nkhondo nkudzalowa chipani cha Republican, ankauza azungu a kumapiri a kumpoto kuti asade nkhawa: malamulo atsopanowo sakupatsa wakuda aliyense ufulu wokhala pa mpando. Chikalata chimodzi chinagulitsidwa kwa anthu awiri ndi malonjezo awiri otsutsana.

Chisankho chinachitika kumapeto kwa Epulo 1868. Bullock, mbadwa ya ku New York imene inkayendetsa kampani yotumiza katundu ku Augusta, anagonjetsa John B. Gordon, yemwe anali mmodzi wa akuluakulu a asilikali a kummwera, ndi mavoti pafupifupi 7,000 okha. Nyumba ya Seneti inali ndi mipando 44, uliwonse woimira maboma atatu. Nyumba ya aphungu inali ndi mipando 175: maboma 6 akuluakulu, monga Chatham kumene kuli Savannah ndi Bibb kumene kuli Macon, ankatumiza atatuatatu; maboma 31 ankatumiza awiriawiri; 95 otsalawo mmodzimmodzi. Kagawidwe kameneka kanapatsa mphamvu maboma ang'onoang'ono. Akuda amene anasankhidwa m'nyumba ziwirizo amakumbukiridwa lero kuti anali 33, atatu a iwo ku Seneti. Pa mipando 219, anthu amene anali pafupifupi theka la ovota sanafike ngakhale mpando umodzi mwa isanu ndi umodzi iliyonse.

Ku Seneti a Republican anali patsogolo. Ku nyumba ya aphungu zipani ziwirizo zinali phewa ndi phewa, mwakuti McWhorter anapambana usipikala mopulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Komabe kunena kuti zipani zinali ziwiri nkunama pang'ono. A Democrat anali gulu limodzi logwirizana, ndipo cholinga chawo chinali chimodzi. A Republican anali mtolo wa nkhuni womangidwa ndi luzi lofumbwa. M'menemo munali akuda, ambiri a iwo abusa, amisiri ndi alimi. Munali azungu ochokera kumpoto kwa dziko, amene sanali ochuluka. Ndipo munali gulu lalikulu la azungu a ku Georgia komweko, makamaka alimi osauka a kumapiri, amene analibe akapolo ndipo ankadana ndi eni minda ikuluikulu. Amenewa sanalowe chipanichi chifukwa chokonda ufulu wa wakuda. Chinawakoka ndi lonjezo lofafaniza ngongole za nkhondo isanathe ndiponso loteteza nyumba ndi munda wa munthu kuti zisalandidwe ndi okongoza. Mu Juni 1868, boma la ku Washington linalamula kuti ndime zofafaniza ngongolezo zichotsedwe. Chimene chinkamanga mtolowo chinaduka nyumba isanayambe nkomwe kukumana.

Aphungu anakumana koyamba pa 4 Julayi 1868. Panali lamulo loti munthu amene anakhalapo pa udindo wa boma nkudzagwirizana ndi kuukira kwa kummwera asakhalenso pa mpando, ndipo Bullock ankanena kuti m'nyumbamo muli ambiri otere. Mkulu wa asilikali, George Meade, anasiyira aphunguwo kuti adzifufuze okha. Anadzifufuzadi, nkudzipeza kuti onse ndi oyenera. Pa 21 Julayi anavomereza ndime yowonjezera ya nambala 14 ya malamulo aakulu a America, yopereka unzika kwa aliyense wobadwira m'dzikomo, ndipo asilikali anabweza ulamuliro m'manja mwa anthu wamba.

Chizindikiro choyamba chinaoneka sabata yotsatira. Masiku amenewo oimira chigawo ku Seneti ya ku Washington ankasankhidwa ndi nyumba ya malamulo, osati ndi ovota. Bullock anafuna Brown ndi Foster Blodgett. A Democrat anagwirana manja ndi a Republican ena nkusankha Joshua Hill ndi H. V. M. Miller. Aliyense anaona tsopano kuti gulu lenileni lolamula nyumbayo silinali limene linalembedwa pa pepala.

Woyamba kugwa anali Aaron Alpeoria Bradley wa ku Savannah. Iye anathawa ukapolo ali mnyamata, anaphunzira zamalamulo kumpoto, ndipo anabwerera ali ndi pakamwa pamene azungu sankapirira napo. Anamukumbira mlandu wakale wa ku New York, ndipo mu Ogasiti mpando wake wa ku Seneti unamuchoka. Kenako mkangano unasamukira ku nyumba ya aphungu, ndipo kumeneko sanavutike nkufunafuna milandu. Khungu linali lokwanira.

Amene analankhula pa 3 Sepitembala paja, ndipo mawu ake amawerengedwabe m'masukulu, anali Henry McNeal Turner, phungu wa boma la Bibb. Turner anabadwa mfulu ku South Carolina mu 1834, anali mbusa wa mpingo wa African Methodist Episcopal, ndipo mu 1863 anasankhidwa kukhala mbusa wa gulu la asilikali akuda. Ngati panali wakuda amene anayesetsa kukhala bwino ndi azungu, anali iyeyu. Pa msonkhano wolemba malamulo uja anapempha kuti Jefferson Davis, mtsogoleri wa oukira, akhululukidwe, ndiponso anachonderera kuti katundu wa eni minda olephera kulipira msonkho asagulitsidwe. Zonsezo sizinamugulire chilichonse. Tsiku limenelo anauza nyumbayo kuti sanabwere kudzagwada kapena kudzapempha, koma kudzafuna ufulu wake, ndipo anawafunsa azunguwo kuti anene poyera ngati iye ndi munthu kapena ayi. Anawakumbutsa za zaka zoposa 200 zimene akuda analima minda yawo popanda malipiro. Atatha, anatsogolera anzake potuluka.

Masamu a voti imeneyo amaulula zambiri. 83 kuphatikiza 23 ndi 106 basi, m'nyumba ya mipando 175. Ngakhale mutachotsapo akuda amene analetsedwa kuvota, patsala aphungu ambiri amene sanaponye voti mbali iliyonse. Azungu a Republican ena anavotera kuti anzawo achoke, ena anangokhala chete kapena kusowa pa mpando. Udani wa a Democrat unali wodziwika kale. Kukhala chete kwa anzawo a chipani chimodzi, amene ena a iwo anapambana chifukwa cha mavoti a akuda, ndiko kunapereka chigamulo.

Anayi anatsala poyamba, ena mwa iwo Edwin Belcher ndi Madison Davis, chifukwa khungu lawo linali loyera kwambiri moti nyumbayo inalephera kutsimikiza kuti magazi awo a ku Africa akufika gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu, malire amene lamulo linaika. Anthu akuluakulu, opanga malamulo a chigawo chonse, anataya nthawi kusanthula nkhope ndi mibadwo ya anzawo. Patapita masiku ochepa, Seneti nayo inachotsa George Wallace ndi Tunis Campbell.

Kunja kwa nyumba ya malamulo, uthengawo unamveka msanga. Pa 19 Sepitembala, mmodzi wa othamangitsidwawo, Philip Joiner, anali m'gulu la otsogolera anthu mazana angapo, ambiri akuda, pa ulendo wapansi wa makilomita pafupifupi 40 kuchoka ku Albany kupita ku msonkhano wa chipani m'tauni ya Camilla. Azungu a mfuti anawadikirira pabwalo la khoti. Anawawombera, nkuthamangitsa othawa mpaka m'nkhalango. Osachepera 9 anafa ndipo ovulala anali ambiri. Pa chisankho cha pulezidenti mu Novembala, chigawo chimene mu Epulo chinasankha bwanamkubwa wa Republican chinavotera Horatio Seymour wa Democrat, osati Ulysses Grant. M'maboma ena odzaza ndi ovota akuda, mavoti a Republican anangosowa.

Chaka cha 1869 chinali cha magazi kwa aphungu enieniwo. Azungu awiri a Republican, Benjamin Ayer ndi Joseph Adkins, anaphedwa. Mu Okutobala, gulu la Ku Klux Klan linathyola chitseko cha Abram Colby, phungu wa boma la Greene, nkumukokera kutchire usiku kumene anamukwapula kwa maola. Mu 1871 Colby anapereka umboni ku komiti ya nyumba ya malamulo ya ku Washington. Anafotokoza kuti asanamumenye anayamba amunyengerera ndi madola masauzande kuti asinthe chipani kapena asiyire wina mpando, ndipo iye anakana. Ananenanso kuti omukwapulawo sanali zigawenga za mumsewu: pakati pawo panali loya, dokotala ndi alimi olemekezeka a m'tauni yake. Mwana wake wamkazi wamng'ono anaona bambo ake akugwidwa usikuwo, ndipo bamboyo anati mwanayo sanachirenso ku mantha mpaka kumwalira kwake.

Othamangitsidwawo sanangokhala. Anakumana ku Macon, anatumiza madandaulo ku Washington, ndipo Turner ndi Campbell anapita okha kukaonana ndi akuluakulu kumeneko. Bullock naye anaona kuti popanda asilikali ulamuliro wake watha. Mu Malichi 1869, nyumba itapatsidwa ndime ya nambala 15 yoletsa kumana munthu voti chifukwa cha khungu, anthu a Bullock ena anathandiza dala kuti igwe, pofuna kuti Washington ikwiye nkulowererapo. Anali masewera oopsa, koma anagwira ntchito. Mu Juni, khoti lalikulu la Georgia linagamula mlandu wa Richard W. White, amene anasankhidwa kukhala kalaliki wa khoti ku Chatham, ndipo oweruza awiri mwa atatu anati wakuda ali ndi ufulu wokhala pa udindo. Mmodzi mwa awiriwo anali woweruza wamkulu Joseph E. Brown, yemwe uja anauza anthu a kumapiri zosiyana ndi zimenezi. Nyumba ya malamulo sinasunthe.

Mu Disembala 1869, Washington inabwezera Georgia pansi pa asilikali. Pansi pa mkulu wa asilikali watsopano, Alfred Terry, Bullock anaitanitsa aphungu onse amene anasankhidwa mu Epulo 1868, ndipo mu Januwale 1870 akuda anakhalanso pa mipando yawo. Kafukufuku amene Meade anasiyira aphungu uja, tsopano anachitidwa ndi asilikali. A Democrat oposa 20 anachotsedwa, ndipo ambiri analowedwa m'malo ndi a Republican amene anali achiwiri pa chisankho. Njira imene a Democrat anagwiritsa ntchito mu 1868 inawatembenukira. Nyumba imodzi yomweyo, yochokera pa chisankho chimodzi, inali itasintha nkhope kawiri popanda wovota aliyense kufunsidwa: koyamba ndi mavoti a aphungu, kachiwiri ndi cholembera cha msilikali.

Kwa miyezi yowerengeka a Republican analamuladi. Pa 2 Febuluwale 1870 anavomereza ndime ya nambala 15. Pa 15 Julayi Georgia inalandiridwanso mu mgwirizano wa zigawo za America, ndipo inali yomalizira pa zonse zimene zinaukira. Mu Okutobala nyumbayo inakhazikitsa lamulo loyambitsa masukulu a boma m'chigawo chonse, ntchito imene inapindulira ngakhale ana a anthu amene ankadana nayo. Si zonse zinali zoyera. Ndalama za njanji ya boma ya Western and Atlantic zinasokonekera m'manja mwa Blodgett, ndipo kugula kwa nyumba ya zisudzo ya Hannibal Kimball, imene aphungu ankakumanamo, kunabweretsa manong'onong'o a katangale. Mchitidwe wobwereketsa akaidi kwa makampani kuti akagwire ntchito ya kalavula gaga unakulanso m'nthawi ya Bullock yomweyi, ndipo akaidi ambiri anali akuda.

Chisankho cha Disembala 1870 chinatha zonse. Pakati pa ziopsezo, chinyengo ndi kugawikana kwa a Republican, a Democrat anatenga nyumba zonse ziwiri ndi mipando yochuluka. Pa chisankho chomwecho Jefferson Long, telala wa ku Macon, anakhala wakuda woyamba kuimira Georgia ku Washington, koma anangokhalako milungu yowerengeka kumayambiriro kwa 1871. Bullock, podziwa kuti nyumba yatsopano imuimba mlandu, anatula pansi udindo mu Okutobala 1871 nkuthawira ku New York. Anadzabwerera, anazengedwa mlandu, ndipo mu 1878 anapezeka wosalakwa. Georgia sinasankhenso bwanamkubwa wa Republican mpaka mu 2002.

Mathero a anthu awiri akuonetsa bwino mmene zinthu zinagawikira. Brown anatenga njanji ya boma ija pa lendi ya madola 25,000 pamwezi, anabwerera ku chipani cha Democrat, analemera ndi migodi ya malasha yokumbidwa ndi akaidi obwereka, ndipo mu 1880 anakalowa Seneti ya ku Washington. Tunis Campbell, mbadwa ya ku New Jersey ya mu 1812, amene anagwirapo ntchito m'mahotela nkulemba buku la ntchitoyo, anakana kuchoka m'boma la McIntosh kumene anali woweruza milandu ing'onoing'ono ndipo ankateteza antchito akuda kwa eni minda ya mpunga. Adani ake anamusaka ndi milandu mpaka anamupeza. Mu 1876, ali ndi zaka zoposa 60, anamumanga unyolo nkumutumiza kukagwira ntchito pa munda monga mkaidi wobwereka. Atatuluka anachoka ku Georgia, ndipo anamwalirira ku Boston mu 1891.

Turner anatenga njira ina, ndipo njira yakeyo inadzafika kufupi ndi kwathu kuno. Chikhulupiriro chake mwa America chinatha. Mu 1880 anakhala bishopu, ndipo anayamba kulalikira kuti tsogolo la wakuda lili ku Africa. Anayendera Sierra Leone ndi Liberia mu 1891, ndipo mu 1898 anafika ku South Africa kumene anadzoza abusa ambiri, mpingo wa Ethiopian wa Mangena Mokone utalumikizana ndi wake. Iye anamwalira mu 1915, koma mpingo umene anaulimbitsa kumeneko ndi umene Hanock Msokera Phiri anabwera nawo ku Kasungu mu 1924, ndiponso ndi umene unathandiza Kamuzu Banda kukaphunzira ku Wilberforce m'chigawo cha Ohio mu 1925.

Ku Georgia, aphungu akuda anapitirira kuchepa. Malamulo atsopano a 1877 anakhwimitsa msonkho wa munthu aliyense, moti wolephera kulipira wa zaka za m'mbuyo sankavota. Boma la McIntosh, kumene Campbell anasiya anthu olimba mtima, linalimbikira nthawi yaitali kuposa ena. Phungu wake, W. H. Rogers, anatula pansi mpando mu 1907 pamene nyumba inkapanga lamulo lolanda akuda voti, limene linavomerezedwa mu 1908. Kuchokera pamenepo munalibenso wakuda m'nyumba ya malamulo ya Georgia kwa zaka zoposa 50, mpaka Leroy Johnson atasankhidwa ku Seneti mu 1962.

Ngakhale apo nyumbayo inali isanaiwale luso lake lakale. Mu Januwale 1966 inakana kulumbiritsa Julian Bond, phungu wakuda wa ku Atlanta, ndi mavoti 184 kwa 12, ati chifukwa anagwirizana ndi chikalata chotsutsa nkhondo ya ku Vietnam. Anthu a m'dera lake anamusankhanso, nyumba inakananso. Nkhaniyo inakafika ku khoti lalikulu la America, limene mu Disembala 1966 linagamula, oweruza onse ndi mawu amodzi, kuti nyumba ya malamulo inaphwanya ufulu wake wolankhula. Bond analumbiritsidwa mu Januwale 1967, ndipo anakhala m'nyumba ya malamulo ya Georgia zaka 20.